Funsani Akatswiri: N'zakumtundu Kapena N'zokumana Nazo M'njira?

Makalata a mwezi uno achokera kusukulu, kumunda, kukhola ndi kusikelo, koma onse akuzungulira pa funso limodzi: ndi ziti zimene kholo limapatsira mwana wake, ndipo ndi ziti zimene chamoyo chimangozipeza chitakhalapo kale? Akuyankha ndi aphunzitsi a sayansi, azaumoyo ndi alangizi a zaulimi omwe amatithandiza pa tsamba lino.

Ndili Fomu 3. Atiphunzitsa kuti pali zinthu zotengera kwa makolo ndi zina zopeza munthu akukula. Kuloweza ndaloweza, koma kumvetsa ayi. Agogo anali kalipentala, bambo ndi kalipentala, inenso thabwa ndimalipala bwinobwino. Si zam'magazi zimenezi?
*Wophunzira, Kasungu*

Tiyambire pathupi penipenipo. Thupi lanu lidamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo pafupifupi selo lililonse lili ndi timaulusi 46 totchedwa ma chromosome, tokhala tiwiritiwiri. Pa timaulusiti ndi pamene pali malangizo a kapangidwe ka thupi, omwe asayansi amawatcha majini. Musawasokoneze ndi majini a ziwanda aja amatchulidwa kunyanja, angofanana dzina. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000. Dzira la mayi limanyamula timaulusi 23, mbewu ya bambo 23, zikakumana 46 yakwana, munthu wayambika. Khomo lolowera zakumtundu ndi lokhalo basi. Chimene sichidalembedwe m'dzira kapena m'mbewu ya bambo sichingadutse.

Ndiye gulu la magazi, mtundu wa khungu, kaumbidwe ka mphuno, kachala kachisanu ndi chimodzi kamene ana ena amabadwa nako, zonsezi n'zakumtundu. Chipsera, mphini, boo la ndolo, manja okhakhala ndi khasu, minofu ya msodzi wokoka makoka, izi n'zopeza. Chilankhulo nachonso: khanda la Atumbuka loleredwa ku Nsanje lidzalankhula Chisena chosamveka n'komwe kuti kwawo ndi ku Rumphi.

Funso lanu si lachibwana, lidasokonezapo akuluakulu. Mu 1809 katswiri wa ku France, Jean-Baptiste Lamarck, adaphunzitsa kuti chiwalo chogwiritsidwa ntchito kwambiri chimakula, ndipo ana amabadwa nacho chokula kale, ndiye kuti kadyamsonga adatalika khosi chifukwa makolo ake ankanyanyamphira masamba a m'mwamba. M'zaka za m'ma 1880 August Weismann wa ku Germany adadula mbewa michira kwa mibadwo isanu. Ana 901 adabadwa, onse ndi michira yathunthu. Kunena zoona mbewazo zidavutika pachabe, pakuti umboni udalipo kale. Ayuda ndi Asilamu akhala akudula ana aamuna kwa zaka mazanamazana, kwathu kuno kuli jando, koma mpaka lero mwana wamwamuna amabadwa wosadulidwa. Mpeni umakhudza khungu, sufika pa zolembedwa m'mbewu.

Ukalipentala wanuwo mudauonera. Mudakulira m'utuchi, mudagwira sowo anzanu asanaione. Mwina mudatengera maso akuthwa ndi dzanja losanjenjemera, koma luso lolumikiza matabwa mudaliphunzira, ndipo mwana wanu akapanda kulowa m'shedi sadzalidziwa. Mawu akuti "khalidwe loyamwira" amalondola kuposa akuti "zam'magazi", chifukwa magaziwo sanyamula chilichonse cha mtundu kupita kwa mwana. Munthu woikidwa magazi a mnzake kuchipatala sabereka ana ofanana ndi mwini magaziwo.

Pa mayeso kumbukirani kuti zinthu zambiri zili pakati. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amayenda m'mabanja, koma kadyedwe, mchere, kunenepa ndi fodya ndi zomwe zimawadzutsa. Mapasa ochokera ku dzira limodzi ali ndi majini ofanana, komabe wina akakulira kumudzi akulima, wina m'tauni akukhalira ofesi, pofika zaka 50 matupi awo asiyana.

Ine ndi bambo a kunyumba tonse ndife akuda, ana athu awiri oyamba ndi akudanso. Wachitatu wabadwa wachialubino. Apongozi akuti ndidazembera mwana wawo, ena akuti ndidaseka munthu wachialubino ndili ndi pakati. Banja lili pendapenda. Chidachitika n'chiyani?
*Mayi wodandaula, Machinga*

Mayi, pepani ndi mawu akukulasaniwo. Zonse ziwiri akunenazo n'zabodza. Chialubino sichichokera kwa kholo limodzi, ndipo palibe chimene mayi angaone, angadye kapena angaseke chomwe chingachibweretse.

Khungu, tsitsi ndi maso zimada chifukwa cha utoto wa melanin. Majini opanga utotowu munthu amawalandira awiriawiri, lina kwa mayi, lina kwa bambo. Limodzi likakhala losagwira ntchito, linzakelo limakwanitsa lokha ntchito yonse, munthuyo amakhala wakuda bii, osadziwa kuti wanyamula kanthu. Jini lotere timati lobisala, ndipo likhoza kuyenda mibadwo isanu osaonekera. Mwana amabadwa wachialubino pokhapokha akalandira lobisalalo mbali zonse ziwiri. Choncho apongoziwo akamafuna kumene zachokera, ayang'ane kuchikazi ndi kuchimuna komwe.

Kawerengedwe kake kadapezeka m'dimba la nsawawa. Wansembe Gregor Mendel wa mumzinda wa Brno ku Ulaya adakwatitsa nsawawa za maluwa ofiirira ndi za maluwa oyera. Ana onse adatuluka ofiirira, kuyera kudasowa. Atabzala mbewu za anawo, kuyera kudatulukiranso: zofiirira 705, zoyera 224, ndiye kuti zitatu kwa imodzi. Adafalitsa zimenezi mu 1866, anthu osazilabadira mpaka 1900. Mukhoza kuwaonetsa akubanja ndi nyemba. Tengani makapu awiri, ina ya mayi ina ya bambo, m'kapu iliyonse muike nyemba yakuda imodzi ndi yoyera imodzi. Mutatsinzina, tolani imodzi uku imodzi uku, lembani zomwe zatuluka, bwezeranimo. Mukachita ka 100 mupeza kuti zoyera ziwiri zakumana pafupifupi ka 25, yakuda ndi yoyera pafupifupi ka 50, zakuda ziwiri pafupifupi ka 25. Zoyera ziwiri ndiye mwana wachialubino. Yakuda ndi yoyera ndiye mwana wakuda wonyamula jinilo ngati inu ndi bambowo.

Apa ambiri amaphonya. Sizitanthauza kuti mukabereka wachialubino mmodzi ndiye atatu otsatira adzakhala akuda. Mimba iliyonse imatola nyemba zake mwatsopano. Banja lina limabereka awiri motsatizana, lina ana asanu ndi mmodzi popanda n'mmodzi yemwe. Mwana wanuyu akadzakwatirana ndi munthu wopanda jini lobisalalo, ana awo onse adzakhala akuda. Matenda a sickle cell amayendanso chimodzimodzi: makolo awiri athanzi, aliyense wonyamula jini limodzi, ndipo mimba iliyonse ili ndi mpata umodzi mwa inayi wobweretsa mwana wodwala. Jini limenelo lidachuluka kumadera a malungo chifukwa wonyamula limodzi lokha sagwidwa kawirikawiri ndi malungo aakulu.

Simuli nokha. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno, kuli bungwe lawo la APAM, ndipo mu 2021 anthu a ku Nkhotakota adasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu woyamba wachialubino ku Nyumba ya Malamulo.

Chofunika tsopano ndi ichi: khungulo n'lakumtundu, simungalisinthe, koma khansa ya pakhungu imene imapha anthu ambiri achialubino ndi yopeza, imabwera ndi dzuwa. Chipewa cha khonde lalikulu, malaya a mikono yaitali, mthunzi kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, ndi mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, opaka kumaso, m'makutu, pakhosi, pamilomo ndi kumanja. Khanda losakwana miyezi 6 lisungidwe pamthunzi ndi kufunditsidwa, ndipo za mafuta mufunse kaye kuchipatala. Pomubereka kumbuyo popita kumunda, mutu ndi miyendo zisakhale pamtunda. Chilonda chosapola pakatha milungu iwiri kapena itatu chikaonedwe. Akadzayamba sukulu akhale kutsogolo, pakuti maso awo saona patali, koma nzeru ndi zonse.

Mkazi wanga wandiberekera atsikana anayi. Abale akuti kwawo amabereka akazi okhaokha, ndikwatire wina.
*Bambo, Ntchisi*

Bambo, mkazi wachiwiriyo sadzasintha kanthu, chifukwa wosankha ndinu, ngakhale simuchita kufuna. Dzira lililonse la mayi limanyamula chromosome ya X. Mbewu ya bambo ndiyo ili mitundu iwiri, theka X theka Y. Ikafika ya X pabadwa mtsikana, ikafika ya Y mnyamata. Atsikana anayi motsatizana zimachitika m'banja limodzi mwa mabanja pafupifupi 16 a ana anayi, popanda chifukwa china chilichonse. Chakudya, mankhwala azitsamba kapena kumtundu kwa mayi sizilowapo.

Ndili ndi HIV ndipo ndine woyembekezera. Mchemwali wanga akuti popeza kachilombo kali m'magazi, mwana atengera basi ngati momwe amatengera nkhope.
*Mayi woyembekezera, Ndirande*

Mayi, apa pali zinthu ziwiri zomwe Chichewa chimazitchula ndi mawu amodzi akuti "kubadwa nacho". China ndi chakumtundu, cholembedwa m'majini. China ndi chimene mwana wakumana nacho ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa. HIV ili m'gulu lachiwirili. Ndi kachilombo kochita kulowa, ndiye kakhoza kutsekeredwa khomo, pomwe nkhope simungaitsekere.

Magazi a mayi ndi a mwana sasakanikirana m'mimba, nsengwa imawalekanitsa n'kumangodutsitsa chakudya ndi mpweya. Kachilombo kamapeza mpata makamaka kumapeto kwa mimba, pa nthawi yochira ndi poyamwitsa. Popanda mankhwala, ana 15 mpaka 45 mwa 100 aliwonse amakatenga. Mayi akamamwa ma ARV mokhulupirika chiwerengerocho chimatsika kufika pansi pa 5. Dziko la Malawi ndi lomwe lidayamba, mu 2011, ndondomeko ya Option B+ yoti mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilomboka ayambe ma ARV a moyo wonse nthawi yomweyo, ndipo mayiko ena adatengera kwathu. Imwani tsiku lililonse, kachilireni kuchipatala, mwana alandire mankhwala omuteteza pa milungu 6 yoyamba, ayezedwe ali ndi milungu 6, kenako pa miyezi 12 ndi 24. Pamene ambiri amagwa ndi poyamwitsa: mwana akapezeka alibe pa kuyeza koyamba, mayi amatayirira mankhwala, tizilombo timachulukanso m'thupi n'kudzera mu mkaka.

Chindoko, mowa womwa muli ndi pakati ndi kusowa kwa ayodini m'zakudya nazonso zimalumaza mwana asanabadwe popanda kukhudza mtundu. Mwana wotero akadzakula sapatsira ana ake chilemacho kudzera m'majini. Chimodzimodzi wolumala ndi poliyo, wodulidwa mwendo, kapena wodwala khunyu lobwera pambuyo pa malungo a muubongo.

Chaka chatha ndidabzala haibridi wogula, ndidakolola bwino zedi. Ndidasankha zitsononkho zikuluzikulu n'kubzalanso chaka chino, feteleza yemweyo, munda womwewo. Chimanga chatuluka china chachitali china chachifupi, kumasula kosiyana, zokolola zatsika. Ndidalakwa pati?
*Mlimi, Mchinji*

Bambo, mwakumana ndi nsawawa za Mendel m'munda mwanu. Haibridi amapangidwa pokwatitsa mitundu ya chimanga yosankhidwa, yosiyana kwambiri. M'munda wa mbewu amabzala mizere yaikazi ndi yaimuna, yaikaziyo amaithyola ngayaye zisanatulutse mungu, kuti ndevu zake zilandire mungu wa mizere yaimuna yokha. Mbewu yotulukapo, yomwe mumagula m'paketi, njere iliyonse ili ndi theka la uku theka la uku mofanana, ndipo zofooka za kholo lina zimaphimbidwa ndi zamphamvu za linzake. N'chifukwa chake munda umaoneka ngati wometedwa. Mukabzalanso zokolola zake, majini aja amagawikanso mwachisawawa, zobisala zimakumana, n'kutuluka mapesi ofooka, ochedwa, ena osabereka. Pa haibridi wa makolo awiri, pafupifupi theka la mphamvu yomwe amaposa nayo makolo ake imatayika pa kubzala kwachiwiri komweko. Mukawerengera kuti hekitala imafuna makilogalamu 25 a mbewu, kapena 10 pa ekala, ndalama yomwe mudapulumutsa ndi yochepa poyerekeza ndi matumba omwe feteleza uja akadakupatsani.

Cholakwa chachiwiri ndi kusankhira mbewu pa mulu kapena m'nkhokwe. Chitsononkho chachikulu sichinena chifukwa chimene chidakulira. Mwina phesi lake lidamera pachulu, pamene padali khola, pamene padatayikira feteleza, kapena lidatsala lokha anzake atadyedwa ndi chiswe. Kukula kotereku n'kopeza, sikupita ku mbewu. Mwasankha nthaka yabwino, osati mtundu wabwino. Dziko la Soviet Union lidapsa nalo ganizo limeneli: mkulu wawo wa sayansi ya ulimi, Trofim Lysenko, ankaphunzitsa kuti mbewu ikhoza kuzolowetsedwa kuzizira n'kupatsira ana ake, boma lidaletsa maphunziro a majini mu 1948, ndipo sayansi yawo ya ulimi idabwerera m'mbuyo zaka zambiri.

Chimene mungasunge ndi chimanga cha makolo kapena mitundu ya OPV, mbewu yogula koma yosakhala haibridi, monga ZM 523 ndi ZM 623, yomwe imabwerezedwa mpaka nyengo zitatu musanagule yatsopano. Kasankhidwe kake ndi ka m'munda, chimanga chisanadulidwe. Lowani pakati pa munda, siyani mizere ya m'mbali. Yang'anani mapesi omwe ali ndi anzawo mbali zonse pa nthaka wamba koma akuwaposa: osagwa, osadwala, okhwima pa nthawi yake, makoko otseka bwino kunsonga kuti anankafumbwe ndi madzi asalowe. Amangeni kansalu. Tengani ku mapesi 200 kapena kuposa, chifukwa mukatenga ku 10 okha mbewu imakwatirana pachibale n'kuyamba kufooka. Ndipo kumbukirani kuti chitsononkho chimakuonetsani mayi yekha. Ndevu iliyonse imabala njere imodzi, ndipo mungu wake nthawi zambiri umachokera ku phesi lina, wobwera ndi mphepo. Mukaona njere zachikasu pa chitsononkho choyera, bambo wa njerezo ali m'munda wa neba. Munda wa mbewu utalikirane ndi chimanga china mamita 200, kapena musiyanitse kabzalidwe ndi milungu itatu kapena inayi kuti zisamasulire limodzi.

Mbewu zobzala ndi mitengo kapena mphukira zili ndi nkhani ina. Mtengo wa chinangwa ndi chidutswa cha kholo lenilenilo, ndiye matenda amene kholo lidapeza, monga khate la chinangwa kapena chisaka cha nthochi, amapita nawo. Awa si akumtundu, koma amayenda ngati akumtundu. Musadule mbewu m'munda wodwala.

Ndimadzola mafuta oyeretsa khungu. Kodi mwana wanga adzabadwa woyera?
*Mtsikana, Mzuzu*

Ayi. Mafutawo amaletsa maselo a pakhungu kupanga melanin, koma mazira anu akadali ndi malangizo a khungu lomwe mudabadwa nalo. Chimene chingafike kwa mwana ndi poizoni: ena mwa mafutawa ali ndi mercury, yemwe amadutsa nsengwa ndi mkaka n'kuwononga ubongo wa mwana. Ena ali ndi hydroquinone ndi ma steroid opyapyalitsa khungu lanu. Mukaona khanda labadwa loyererako musanamizike, makanda ambiri amatero n'kumada pakapita miyezi.

Ng'ombe zanga ndimaziwotcha nyanga zili mathole, koma ana ake amamerabe nyanga. Komanso thadzi lomwe ndidalipatsa katemera wa chitopa anapiye ake adafa ndi chitopa chomwecho. Bwanji chitetezo sichidapite kwa ana?
*Mlimi wa ziweto, Chikwawa*

Nyangazo muziwotcha mpaka kalekale, chifukwa chitsulo chamoto sichifika pa majini. Njira yake ndi nkhunzi yobadwa yopanda nyanga. Pa ng'ombe jini lopanda nyanga ndi loonekera, limaphimba la nyanga. Nkhunzi yonyamula awiri oterewa, monga za mtundu wa Angus, ana ake amabadwa opanda nyanga ngakhale make ali nazo. Yonyamula limodzi imapereka theka lokha. Pa mbuzi chenjerani: mukakwatitsa tonde wobadwa wopanda nyanga ndi yaikazi yobadwanso yopanda nyanga, ena mwa ana aakazi amatuluka ndi ziwalo zosokonekera, osabereka. Mmodzi mwa awiriwo akhale wanyanga.

Nkhuku zikuphunzitsani kusiyanitsa. Kameta, tsumba ndi kansilanga ndi zakumtundu, anapiye amaonetsa adakali aang'ono. Nkhuku yothothoka khosi chifukwa chojomphana kapena nsabwe imaswa anapiye a nthenga zonse.

Za katemera, chitetezo ndi chopeza. Thupi la thadzi lidaphunzira kulimbana ndi chitopa n'kupanga asilikali m'magazi. Ena mwa asilikaliwo amalowa mu yolk, chachikasu chija cha m'kati mwa dzira, n'kumuteteza mwanapiye, koma ndi obwereka, amatha pakapita milungu iwiri kapena itatu, ndipo thupi la mwanapiyeyo silidziwa kupanga ake. Ndiye katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso, aperekedwe kwa nkhuku zonse ndi anapiye omwe, ndi kubwereza miyezi inayi iliyonse. Botolo lisakhale padzuwa. Thole ndi kamwana ka mbuzi zimabadwa zopanda asilikali ndi pang'ono pomwe, zimawapeza mu mkaka woyamba wachikasu uja. Matumbo ake amawalandira bwino pa maola 6 oyamba, pofika maola 24 khomo latsekeka. Mlimi wokama mkaka umenewu n'kutaya wataya katemera waulere.

Posankha tonde kapena nkhunzi, musatengeke ndi kunenepa kwa nyama yodyera gaga pakhomo. Yerekezani za msinkhu umodzi, zodya msipu umodzi, ndipo funsani za make: amaswa mapasa? Mkaka ndi wochuluka? Mbuzi imatenga bere masiku pafupifupi 150 ndipo msoti umatha kukweredwa usanakwane chaka, choncho tonde asapitirire chaka ndi theka m'khola limodzi, apo ayi ayamba kukwera ana ake. Sinthanani ndi mudzi wina, ndipo ana aamuna osafunika afuleni asanakwane miyezi itatu.

Kwathu tonse ndife aafupi. Kusikelo akuti mwana wanga wa chaka ndi theka ndi wopinimbira. Si mtundu wathu chabe?
*Mayi, Dedza*

Mwina ndi mtundu, mwina ndi mphika, ndipo kawirikawiri m'banja limodzi mumayenda zonse ziwiri, n'chifukwa chake zimavuta kuzilekanitsa. Majini amaika malire a msinkhu, chakudya ndi thanzi ndizo zimanena ngati mwana akafike pamalirepo. Madokotala amayerekeza chonchi: phatikizani msinkhu wa bambo ndi wa mayi m'masentimita, wonjezerani 13 ngati ndi mnyamata kapena chotsani 13 ngati ndi mtsikana, gawani pawiri. Bambo a 165 ndi mayi a 153 ayembekezere mnyamata wa pafupifupi 165 kapena mtsikana wa 152, kuposa kapena kuchepera ndi masentimita 8 mpaka 10. Vuto la samuyi kwathu kuno ndi lakuti makolowo mwina nawonso adapinimbira ali ana, ndiye msinkhu wawo si wa mtundu wawo weniweni. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Mtundu wokha sungafupikitse ana ochuluka chotero. Amuna a ku Netherlands cha m'ma 1850 ankatalika pafupifupi masentimita 165, lero ali cha pa 183, mtundu womwewo, chasintha ndi chakudya ndi ukhondo.

Dziko lomwelo lidaonetsanso mbali ina. Pa njala ya nthawi ya nkhondo, kuyambira kumapeto kwa 1944 mpaka Meyi 1945, ana omwe adali m'mimba adadzakula ndi matenda a shuga ndi a mtima kuposa abale awo obadwa nthawi ina. Mu 2008 asayansi adapeza kuti pa DNA yawo, ulusi umene majini adalembedwapo, padali zizindikiro zotsegula ndi kutseka majini zosiyana ndi za abale awowo. Ena amathamangira kunena kuti Lamarck uja adalondola. Tisafulumire. Anawo njalayo adaimva okha ali m'mimba, zolembedwa m'majini sizidasinthe, ndipo zambiri mwa zizindikiro zotere zimafufutika dzira ndi mbewu zikamapangidwa.

Mwana wanu akadali m'masiku 1,000 oyamba, owerengedwa kuyambira pa kutenga pakati mpaka zaka ziwiri, ndiye nthawi ikadalipo koma yatsala miyezi 6. Pitirizani kuyamwitsa. Phala la ufa woyera lokha limakhutitsa osakulitsa: likhale la mgaiwa, lolimbirako, lothira nsinjiro, soya, ufa wa usipa kapena bonya, dzira, masamba osinja ndi kasupuni ka mafuta. Adye katatu kapena kanayi pa tsiku ndi zipatso pakati, m'mbale yakeyake. Kutsegula m'mimba kobwerezabwereza, njoka za m'mimba ndi malungo zimaba chakudya chomwe mwamupatsa, choncho madzi otetezedwa, kusamba m'manja ndi sopo, neti ndi mankhwala a njoka n'zofunika ngati phalalo.

Amati udzudzu udazolowera mankhwala a m'neti, tizilombo ta malungo tidazolowera chloroquine. Ngati kuzolowera n'kopeza, kwapita bwanji kwa ana ake?
*Mphunzitsi wa pulayimale, Nkhata Bay*

Aphunzitsi, mwagwira pamene mawu amatinamiza. Palibe udzudzu umene udalawa mankhwala pang'onopang'ono, n'kulimba, n'kupatsira ana kulimbako. M'chigulu cha udzudzu mamiliyoni mumapezeka owerengeka obadwa kale ndi jini losinthika mwangozi, lowathandiza kuphwanya poizoniyo m'thupi. Kusinthako kumachitika pokopera DNA, mankhwala alipo kapena palibe. Mankhwala akabwera amapha enawo n'kusiya owerengeka aja, ndipo iwo ndi amene amaswana. Popeza kuchoka pa dzira kufika pa udzudzu wouluka ndi masiku 10 mpaka 14 okha, pa zaka zochepa mbumba ya opulumukawo yadzaza dambo lonse. Mankhwala saphunzitsa, amapeta. N'chifukwa chake maneti ena atsopano amathiridwa PBO, wotseka njira yomwe udzudzu umaphwanyira poizoni.

Umboni wabwino uli kwathu konkuno. Mu 1993 Malawi idakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, yemwe ambiri amamudziwa kuti Fansidar. Mu 1992 tizilombo pafupifupi 85 mwa 100 toyezedwa ku Blantyre tidali ndi jini lokana chloroquine, pofika 2000 tidatsala 13, kenako tidasowa. Jinilo ndi katundu wolemera kwa kachilombo pamene mankhwalawo palibe, ndiye tosalinyamula tidaswana mwachangu n'kutenganso malo. Pa kuyesa kwa mu 2005 mumzinda womwewo, chloroquine adachiza ana 99 mwa 100. Izi si chilolezo choti mukamugule ku golosale. Akangobwerera ponseponse, kupeta kuja kuyambiranso. Mankhwala a malungo wamba kuyambira 2007 ndi LA, womwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, kasanu ndi kamodzi, ndi chakudya cha mafuta pang'ono kapena mkaka kuti alowe bwino m'thupi. Wosiyira panjira atamva bwino wapha tofooka n'kusiya tolimba.

Alimi nawonso amve: nkhupakupa ndi mbozi za m'chimanga zimapetedwa chimodzimodzi. Kusungunula dibi kapena mankhwala opopera ndi madzi opitirira muyezo kuti akwanire ndiko kumasiya opulumuka ambiri. Tsatani muyezo wa pa botolo, ndipo posintha mankhwala werengani dzina la poizoni lolembedwa m'zilembo zing'onozing'ono, chifukwa mabotolo awiri a mayina osiyana nthawi zambiri amakhala ndi poizoni mmodzi yemweyo.